Rugby league pa wailesi ya m'dera: inu okhala kumpoto kwa England, mumamvera?

Nabanda (Hull)
Moni nonse a pagulu. Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima kuyambira mu June, koma mashifiti sanandipatse mpata woti ndikhale pansi n'kulemba. Ambiri mukudziwa kuti ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno kum'mawa kwa Hull. Pali agogo ena aamuna amene ndimawayendera, zaka zinapitirira 80, ndipo maso anasiya kuona bwino kalekale. Chibadwire chawo amachemerera timu ya rugby league ya Hull Kingston Rovers. Pa shelefu ya kukhitchini kwawo pali kawailesi kakang'ono, ndipo batani lofufuzira siteshoni analimata ndi tepi kuti lisachoke pa 95.9, pomwe pamamveka BBC Radio Humberside. Tsiku loyamba ndikupukuta fumbi ndinafuna kumatula tepiyo. Anandigwira dzanja n'kundiuza kuti china chilichonse m'nyumbamo ndikhoza kusuntha, koma chokhacho ayi.

Pa 7 June 2025 shifiti yanga inagwera masana, nthawi yomwe Rovers imasewera ndi Warrington ku Wembley mu ndime yomaliza ya chikho cha Challenge Cup. TV inalipo ndipo masewerawo amaonetsa, koma agogo anati ndiizimitse. Akuti a pa TV amalankhula ngati aliyense akuona, nthawi zina amangokhala chete kusiya chithunzi chiyankhule chokha. Wa pa wailesi sangachite zimenezo. Amakuuza kuti mpira uli mamita angati kuti ufike pa mzere, ndi tackle (kugwetsa amene ali ndi mpira) yachingati, wagwa ndani, wadzuka akutsimphina kapena ayi.

Warrington inkatsogola 6 kwa 2 mpaka kutsala mphindi zowerengeka. Tiyi amene ndinawapangira anazizira osamugwira n'komwe. Kenako Tom Davies anagwera pa mpira kuseri kwa mzere, oyimbira anatumiza nkhaniyo kwa mnzake woona pa kanema, ndipo pa kudikira kuja agogo anali atatseka maso, milomo ikugwedera. Try, yomwe ndi chigoli cha mpirawu, inavomerezedwa, Mikey Lewis anamenya mpira wodutsa pakati pa mitengo, zinathera 8 kwa 6. Bambo wamkulu uja analira ngati mwana. Atatonthola anandifotokozera kuti chikho chimenechi Rovers inachitenga komaliza mu 1980, pomwe inagonjetsa Hull FC 10 kwa 5, ndipo tsiku limenelo iwo anali ku Wembley ndi akazi awo amene pano anatisiya.

Ndinatuluka m'nyumbamo ndikudzifunsa kuti kawailesi kaja katati kasiye kuulutsa mpira umenewu, agogowa atsala ndi chiyani? Ndamva kuti mapologalamu a mawailesi a m'madera akhala akuchepetsedwa. Amene mukudziwa bwino tafotokozani. Komanso ndikufuna ndidziwe ngati alipo anzanga pagulu pano amene mumamvera.

A Mbewe (Blantyre)
Achemwali, mwandikhudza ndithu. Koma tithandizeni ife tili kumudzi kuno. Mpira umenewu ndi womwe uja amasewera a Springboks?

A Chirwa (Johannesburg)
Ayi a Mbewe, ndi pachibale chabe. Wa Springboks ndi rugby union, anthu 15 mbali iliyonse. Winawu amasewera anthu 13. Kuno ku Joni simungaumve pa wailesi ngakhale mutafufuza tsiku lonse, kuno ndi union ndi mpira wa miyendo basi.

Amalume a ku Huddersfield
A Mbewe, funso lanu ndi labwino chifukwa yankho lake ndi lomwe likufotokoza nkhani ya wailesiyi. Ndakhala mu Huddersfield zaka zoposa 20, ndipo pafupi ndi siteshoni ya sitima pali nyumba yotchedwa George Hotel. M'menemo ndi momwe mpirawu unabadwira pa 29 August 1895. Osewera a kumpoto kuno anali anthu a m'migodi ya malasha, m'mafakitale a nsalu ndi m'madoko. Loweruka linali tsiku la ntchito, ndiye munthu akapita kukasewera amadulidwa malipiro. Matimu anapempha kuti aziloledwa kubwezera osewerawo ndalama imene ataya. Akuluakulu a rugby, ambiri mwa iwo anthu opeza bwino, anakana, amati masewera si ntchito yolipidwa. Matimu 22 anapatuka n'kuyambitsa bungwe lawolawo. Mu 1906 anachepetsa osewera kufika pa 13. Lero malamulo ake ndi osavuta kutsata: timu ili ndi mwayi wogwetsedwa kasanu ndi kamodzi, ikalephera kugoletsa mpira umapita kwa anzawo. Try ndi mapointi 4, kumenya kotsatira ndi 2.

Tsono onani mapu. Matimu ambiri ali m'mbali mwa msewu umodzi, M62, kuchokera cha ku Liverpool kukafika cha ku Hull: St Helens, Widnes, Warrington, Wigan, Leigh, Huddersfield, Halifax, Bradford, Leeds, Wakefield, Castleford. Manyuzipepala akuluakulu ali ku London, ndipo kumeneko mpirawu amautenga ngati wa anthu a kumpoto. Mungatsegule tsamba la masewera n'kupeza mizere itatu yokha pansi penipeni. Ndiye amene wakhala akuunyamula mlungu ndi mlungu ndi mawailesi a m'madera: Radio Merseyside yomwe inayamba mu 1967, Radio Leeds mu 1968, Radio Manchester mu 1970, Radio Humberside mu 1971. Agogo anu aja, Nabanda, pamene siteshoni yawoyo imatsegulidwa anali kale bambo wa pabanja. Akalamba nayo limodzi.

Za kuchepetsa zija mwamva zoona. Mu October 2022 BBC inalengeza kuti masiteshoni ake 39 a m'madera aziulutsa zawozawo kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana m'kati mwa mlungu, kenako azigawana mapologalamu ndi masiteshoni oyandikana nawo, ndalama zina zipite ku nkhani za pa intaneti. Atolankhani a bungwe la NUJ ananyanyala ntchito mu March 2023 komanso mu June chaka chomwecho. Chomwe BBC inalonjeza n'chakuti nkhani za m'dera ndi kuulutsa masewera pamene akuchitika zikhalabe za m'dera. Ndiye mpira sunachotsedwe. Koma ine nkhawa ndili nayo, chifukwa ukadula nthambi zonse n'kusiya imodzi, imodziyo mphepo imaimenya yokha.

A Mbewe (Blantyre)
Zikomo amalume, ndamva tsopano. Zikufanana ndi momwe tinakulira ife. Kwathu ku Thyolo sindinaonepo Bullets kapena Wanderers ndi maso mpaka nditafika zaka 19, koma osewera onse ndinkawadziwa mayina ndi manambala chifukwa cha MBC. Mawu a Steve Liwewe Banda ankatipangitsa kuona bwalo lonse tili pansi pa mtengo wa mango, mabatire titawayanika padzuwa m'mawa kuti afike nawo madzulo.

Bambo a Yamikani (Castleford)
Nabanda, ine ndi mmodzi mwa omvera. Ndimayendetsa takisi kuno, ndipo masewera ambiri a Super League, ligi yaikulu ya mpirawu, amakhala Lachinayi ndi Lachisanu usiku, nthawi yomwe ntchito yanga imakhala yotentha. Munthu sungaonere kanema uli pa chiwongolero. Ndiye Radio Leeds imakhala yotsegula pansipansi.

Ndikuuzeni chomwe wailesiyi inandichitira. Nditangofika kuno, anthu amakwera, kunena kopita, kenako zii mpaka kutsika. Sikuti anali oipa mtima, koma panalibe poyambira. Usiku wina ndinanyamula bambo wina ndi mwana wake akuchokera ku Wheldon Road, bwalo la timu ya Castleford, atavala zachikasu ndi zakuda, nkhope zili zogwa. Pa wailesi anthu anali akuimba foni kudandaula za momwe timu yasewerera. Ine ndinangoti, kodi bwanji anamusiya mnyamata uja panja mpaka gawo lachiwiri? Ndinali nditangozimva kwa woulutsa mphindi khumi zapitazo. Bamboyo anaweramira kutsogolo n'kuyamba kulankhula osapuma mpaka tinafika pakhomo pawo, ndipo tinakhalanso mphindi zisanu galimoto itaima. Potsika anandifunsa dzina ndi kwathu. Lero amati akafuna takisi amafunsa ngati ine ndilipo.

Tawuni ino ili ndi anthu pafupifupi 40,000 okha. Migodi inatsekedwa, womaliza wa Kellingley unatseka mu December 2015. Pafupi pomwepa pali Featherstone, kamudzi kochepa kuposa pano, koma timu yawo inatenga Challenge Cup katatu, komaliza mu 1983 itagonjetsa Hull FC 14 kwa 12. Okalamba a kumeneko amaikamba nkhaniyo ngati yachitika dzulo. Dzina la Featherstone kapena Batley kapena Dewsbury simungalimve pa nkhani za dziko lonse pokhapokha kutachitika ngozi. Pa wailesi ya m'dera limatchulidwa mlungu uliwonse chifukwa cha mpira.

Kondwani (Manchester)
Akuluakulu, ndikupempha mundilole nditsutseko pang'ono, mwaulemu. Nkhani ya agogo ija ndi yokhudza mtima, sindikukana. Koma tiyeni tione kutsogolo. Kuyambira 2024 Sky, TV yolipira, ikuonetsa masewera onse a Super League, BBC nayo ikuonetsa ena pa TV kwaulere. Matimu ali ndi masamba awo, zigoli zimabwera pa foni nthawi yomweyo, masapota akupanga mapodikasiti awoawo ndipo ena ndi abwino kwambiri. Ine ndi anzanga a msinkhu wanga palibe amene ali ndi wailesi m'nyumba. Laisensi ya TV, yomwe ndalama yake imayendetsa BBC, inafika pa £174.50 pachaka mu 2025. Kodi n'kulakwa kuti ndalamayo ipite komwe kuli anthu ambiri, komwe ndi pa intaneti? Zaka 15 zikubwerazi adzakhala akumvera FM ndani?

Nabanda (Hull)
Achimwene a Kondwani, za zaka 15 zikubwerazo ndinu mungazidziwe. Ine ndikunena za Lachisanu likubwerali. Mwa okalamba asanu ndi awiri amene ndimawayendera, awiri okha ndi amene angatsegule foni n'kupeza chinthu pa intaneti popanda wowathandiza. Otsalawo zala zimanjenjemera, zilembo sazionanso. Batani limodzi la wailesi amalikwanitsa. Ndipo ambiri amadalira penshoni ya boma, Sky sangaifike.

Nachisale (Whitehaven)
A Kondwani, mwati masewera onse a Super League ali pa Sky. N'zoona. Koma mu 2025 Super League inali ndi matimu 12 okha. Nanga enawo?

Ine ndine namwino kuno ku gombe la kumadzulo kwa Cumbria. Amene simunafikeko, kuno n'kutali ndi chilichonse. Kuseri kuli mapiri, kutsogolo kuli nyanja. Matimu a kuno ndi Whitehaven, Workington Town ndi Barrow Raiders, onse ali mu ligi za m'munsi. Osewera ake si anthu olemera. Masana amagwira ntchito zawo, wina ndi womanga nyumba, wina ali ku malo a nyukiliya a Sellafield, madzulo n'kupita kokonzekera masewera. Timu ikamakasewera ku Yorkshire ndi ulendo wa maola atatu kupita kokha. Ndi masapota angati angakwanitse zimenezo Lamulungu, Lolemba m'mawa ali pa ntchito? Kamera za makampani akuluakulu sizifika kumeneko kawirikawiri. Amene amapita ndi munthu wa Radio Cumbria, yekhayekha ndi kachikwama ka zipangizo, kukakhala pa benchi yozizira kuti anthu a kuno amve ana awo akusewera.

Ndipo ndikati ana awo ndikunena zenizeni. Lamulungu lina ndili pa ntchito, mayi wina wogonekedwa anandipempha kuti ndimuikire mahedifoni chifukwa manja ake anali ndi madiripi. Ndinaganiza kuti akufuna nyimbo za tchalitchi. Ayi, mdzukulu wake amasewera tsiku limenelo. Ndikumuyeza kuthamanga kwa magazi ndinaona akumwetulira yekha, kenako anandikoka yunifolomu n'kundiuza kuti amutchula dzina kawiri. Usiku umenewo anadya chakudya chonse, chomwe sanachite mlungu wathunthu.

Pansi pa matimu amenewa palinso ena a m'midzi osalipidwa n'komwe, monga Kells, Egremont Rangers ndi Wath Brow Hornets. Challenge Cup imayamba ndi matimu otere m'miyezi yozizira, ndipo mwana wa m'mudzi akachita bwino, koyamba kumveka dzina lake kunja kwa mudziwo ndi pa wailesi.

Kondwani (Manchester)
Achemwali a Nachisale, za ligi za m'munsi sindinaziganizire, ndavomera. Koma funso langa likadalipo. Ngati woulutsayo alipo, mawu ake angathe kudutsa pa intaneti chimodzimodzi. Chofunika ndi munthuyo, osati kabokosi ka FM.

Bambo a Yamikani (Castleford)
Pamenepo mwalasa theka, achimwene. Munthuyo ndiye wofunika, inde. Koma munthuyo amalipidwa ndi siteshoni. Siteshoni ikafooka, amene amatsatira timu imodzi zaka 20, wodziwa kuti mnyamata uyu bambo ake ankaseweranso pa nambala yomweyo, amachoka, m'malo mwake n'kubwera woti lero ali ku mpira wa miyendo, mawa ku kiriketi. Kusiyana kwake kumamveka m'makutu.

Chachiwiri, pitani ku bwalo mukaone. Madala ambiri amakhala ndi kawailesi m'thumba la jekete, kachingwe kali kukhutu kumodzi. Amamvera ali pa bwalo pomwepo, kuti oyimbira akaimba wezulo adziwe chifukwa chake, kapena wina akatuluka adziwe kuti wavulala pati. Pa FM mawu amafika nthawi yomweyo. Pa foni amachedwa, nthawi zina theka la mphindi kapena kuposa. Bwalo lonse lakuwa kale, iwe m'khutu akukuuza kuti mpira ukadali pakati.

A Mbewe (Blantyre)
Eetu! Ku Kamuzu Stadium n'chimodzimodzi. Munthu walipira pakhomo, mpira akuuona ndi maso ake, koma wailesi ili pakhutu.

Amalume a ku Huddersfield
Ndiwonjezerepo kamodzi pa za laisensi, a Kondwani. Kumvera wailesi m'dziko muno sikufuna laisensi, inathetsedwa mu 1971. Ndiye kwa munthu wosauka kwenikweni, amene alibe TV, alibe intaneti ya m'nyumba, iyi ndi njira yokhayo yotsatira timu yake popanda kutulutsa ndalama. Mpira umene unayamba chifukwa anthu osauka amadulidwa malipiro usafike poti wosauka sangaumvenso.

A Gondwe (Hull, kumadzulo kwa mtsinje)
Nabanda, ndakuwerengani ndipo ndikuti zabwino zonse kwa agogo anuwo, ngakhale ine ndili mbali ina. Ndimakhala kufupi ndi Hessle Road, ndipo kuno ndi kwa Hull FC, zakuda ndi zoyera. Kwa amene simukudziwa, mtsinje wa Hull umadula mzindawu pakati. Kum'mawa ndi kwa Rovers, ofiira ndi oyera, bwalo lawo ndi Craven Park. Kumadzulo ndi kwathu. Zili ngati Maule ndi Manoma, kungoti kuno malire ake ndi madzi.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna Amalawi anzanga mudziwe. Msewu waukulu wolowera mu Hull kuchokera kumadzulo umatchedwa Clive Sullivan Way. Ndinauyenda zaka zitatu ndikuganiza kuti ndi dzina la meya kapena wandale wina. Ndinadziwira pa wailesi, pa pologalamu yokumbukira osewera akale, kuti Clive Sullivan anali munthu wakuda, wobadwira ku Cardiff. Anasewera matimu onse awiri a mzinda uno. Mu 1972 anali kaputeni wa Great Britain pamene inatenga chikho cha dziko lonse, ndipo anali munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya dziko la Britain pa masewera aliwonse. Anamwalira ndi khansa mu 1985 ali ndi zaka 42. Anthu ankaimba foni, a mbali zonse ziwiri, ena mawu akunjenjemera pomukumbukira. Tsiku lotsatira ndinatenga ana anga pa galimoto n'kuwaonetsa chikwangwani cha msewuwo. Mwana wanga wamkazi anafunsa kuti zoona, munthu wofanana ndi ife? Kuyambira pamenepo mzindawu ndimauona mosiyana.

Koma ndisabise, dandaulo lilipo pakati pa masapota. A kumadzulo amati oulutsa amakondera Rovers, a kum'mawa amati amakondera FC. Ndipo pamene mpira wa miyendo ndi rugby zagundana nthawi, mawailesi a m'madera amayenera kugawa, masewera ena pa FM, ena pa wailesi ya digito ya DAB kapena pa intaneti pokha. Agogo omata batani ndi tepi aja, tsiku limenelo akhoza kuphonya.

Nabanda (Hull)
A Gondwe, zimenezo zinachitikapo. Ndinawapeza atakhala chete, akuti lero timu yawo kulibe. Ndinatsegula pa foni yanga, n'kuiika pa tebulo pafupi ndi khutu lawo. Koma nthawi yanga pakhomo limenelo ndi mphindi 45, ndipo masewera ndi mphindi 80 osawerengera nthawi yopuma. Ndinachoka nayo foni gawo lachiwiri lisanayambe. Mumsewu mtima unkandipweteka. Tsopano ndimayang'aniratu ndandanda Lolemba, ndikaona kuti zigundana ndimauza mwana wawo kuti akonze.

Za kukondera, agogo amatinso zomwezo, koma mbali yawo. Ngati onse awiri mukudandaula ndiye kuti oulutsawo akuyenda pakati.

Mayi a Tadala (Leeds)
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma a Gondwe mwandikumbutsa za Rob Burrow. Amene muli ku Leeds mukudziwa. Anali wamfupi kuposa pafupifupi aliyense pa bwalo, nambala 7 wa Leeds Rhinos, ndipo anatenga nayo Super League kasanu ndi katatu. Mu December 2019 anamupeza ndi matenda a MND, omwe amapha minyewa yoyendetsa thupi pang'onopang'ono mpaka munthu kulephera kuyenda ndi kulankhula. Mnzake Kevin Sinfield anathamanga mipikisano ya marathon isanu ndi iwiri m'masiku asanu ndi awiri mu 2020 posonkhetsa ndalama. Rob atasiya kulankhula ankagwiritsa ntchito kompyuta yoyendetsa ndi maso, ndipo ndi mawu a kompyutayo anapanga podikasiti ndi Radio Leeds, akufunsa mafunso akatswiri anzake a masewera.

Anamwalira pa 2 June 2024 ali ndi zaka 41. M'mawa mwake ndikupita ku ntchito ndinatsegula wailesi. Sanali akatswiri okha olankhula. Anali anthu wamba, wina anakumana naye mu shopu, wina mwana wake anajambulitsa naye, wina mkazi wake akudwala matenda omwewo. Zinali ngati pa siwa kwathu, pomwe aliyense amapatsidwa mpata wonena momwe amamudziwira malemu. Ndinaimika galimoto pambali chifukwa misozi inanditchinga. Madzulo ndinadutsa ku Headingley, kunja kwa bwalo kunali maluwa ndi majezi ambirimbiri, ena a matimu amene ndi adani a Leeds.

Mwana wanga Tadala amasewera mu timu ya atsikana ya m'dera lathu. Ligi yaikulu ya amayi inayamba mu 2017, ndipo mu 2023 ndime yomaliza ya chikho chawo inaseweredwa ku Wembley koyamba, St Helens ndi Leeds. Iyeyo mayina a osewera aakazi amawamva kwambiri pa wailesi tili m'galimoto. A Kondwani, ameneyu ali ndi zaka 13 ndipo amandiuza yekha kuti mayi kwezani.

Kondwani (Manchester)
Mayi a Tadala, ndamva. Komabe onani kuti chomwe Rob Burrow anapanga chinali podikasiti, ndipo ambiri anaimvera pa foni. Mwina tonse tikunena zoona. Chomwe ndatolapo ine n'chakuti amene anaipanga ndi anthu a siteshoni ya m'dera, omwe ankamudziwa kuyambira ali mnyamata. Pamenepo sinditsutsa. Koma ndikuonabe kuti masiteshoniwa akapanda kukopa achinyamata, tsiku lina owerengera ndalama adzawatseka, kaya ife tilire bwanji.

A Kamanga (Wigan)
Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti ya usiku ku nyumba yosungira katundu. Kuno ku Wigan tili pakati, ena amamvera Radio Manchester, ena Radio Merseyside, makamaka tikamasewera ndi St Helens Lachisanu Loyera. Ku ntchito kwathu mafoni saloledwa pamalo ogwirira ntchito, koma pali wailesi yakale yopachikidwa pa chipilala, yodzaza fumbi. Lachisanu usiku imakhala pa mpira. Tilipo a ku Poland, a ku Romania, a ku Nigeria, ine, ndi eni dera. Poyamba alendofe sitinkamva kanthu. Pano mnzanga wa ku Poland ndi amene amayamba kukuwa woulutsa akangokweza mawu kutchula Bevan French, wosewera wa Wigan.

A Gondwe atchula Clive Sullivan, ine nditchule Billy Boston. Nayenso wakuda wa ku Cardiff, anabwera ku Wigan mu 1953 n'kugoletsa ma try 478 mu timu imeneyi. Chiboliboli chake chili pakati pa tawuni. Mu June 2025 Mfumu Charles inamupatsa ulemu wa Sir ali ndi zaka 90, munthu woyamba wa rugby league kuulandira pa zaka 130 za mpirawu. Taganizani, zaka 130. Zikukuuzani momwe akuluakulu a dziko lino akhala akuuonera mpirawu. Anthu a kuno sanadikire London kuti iwauze kuti Billy Boston ndi ndani, akhala akumva dzina lake pa wailesi yawo moyo wawo wonse.

A Chirwa (Johannesburg)
Ndaphunzira zambiri lero. Zikundikumbutsa kuno, momwe rugby inayambira kuulutsidwa m'Chixhosa pa TV. Anthu amene ankati si mpira wawo anayamba kuutsata chifukwa akuumva m'chilankhulo ndi nthabwala za kwawo. Kumeneko chilankhulo ndi Chingerezi chomwecho, koma ndikukhulupirira kuti kalankhulidwe ka ku Hull ndi ka ku London n'kosiyana.

Nabanda (Hull)
Kusiyana kwambiri, a Chirwa. Miyezi yoyamba kuno ndinkavutika kumva okalamba anga, ndinkangoti pepani bwerezani mpaka kuchita manyazi. Makutu anga anatseguka chifukwa chomvera anthu oimba foni pa wailesi masewera akatha. Amalankhula momwe amalankhulira kunyumba, mothamanga, mokwiya, mosangalala. Palibe kalasi ikanandiphunzitsa zimenezo.

Amalume a ku Huddersfield
A Kondwani anena chinthu choti tisachinyalanyaze. Owerengera ndalama amayang'ana manambala. Ndiye amene mumamvera, onekerani. Tumizani uthenga pa pologalamu, imbani foni, BBC ikafunsa maganizo a anthu yankhani, lemberani phungu wa dera lanu. Ambirife tili ndi ufulu wovota m'dziko muno chifukwa Malawi ali mu Commonwealth, ndiye kalata yathu phungu amaiwerenga ngati ya wina aliyense. Ndipo inu osamalira okalamba ndi anamwino muli ndi umboni umene a m'maofesi alibe, chifukwa ndinu mumalowa m'makhitchini momwe muli mawailesiwo.

Nachisale (Whitehaven)
Amalume, ine ndilemba mlungu uno. Nabanda, ngati mukufuna tilembe limodzi, ndikutumizirani yanga muione kaye.

Nabanda (Hull)
Tumizani achemwali, ndiiwerenga ndikaweruka. A Gondwe, ndili ndi pempho. Agogo aja sanapondeko ku Craven Park zaka zisanu ndi chimodzi. Ndalankhula ndi mwana wawo ndipo wavomera kuti tiwatengere ku masewera amodzi nyengo ino isanathe, iye akafunsa za malo a anthu oyenda pa njinga ya olumala. Vuto ndi galimoto, yanga ndi yaing'ono, njingayo siilowa. Yanu ija ingathandize? Ndikudziwa kuti ndi bwalo la adani anu.

A Gondwe (Hull, kumadzulo kwa mtsinje)
Palibe vuto, mlongo wanga. Ndiuzeni tsiku msanga kuti ndisinthane shifiti ndi mnzanga. Ndiwatenga pakhomo, ndikawasiya pa geti, ndipo ndikawadikira panja mpaka masewera atathe. Muwauze atenge kawailesi kawo ndi mabatire atsopano, ine ndibweretsa kachingwe ka kukhutu.